Zofufuta zija zinali momwemo

Atandisamutsira ku nthambi ina, akuluakulu anati laputopu ya ntchito ndisiyire bambo wina wa mu ofesi yathu, ikugwira bwinobwino ndi mapulogalamu ake onse. M'makinamo ndinkalembamo zimene amayi obwera kudzalandira uphungu ankandiuza, ndipo mmodzi mwa amayiwo anali mkazi wa bambo yemweyo. Anandiuza za zibakera za mwamuna wakeyo, ndi za nyumba ya ku Lupaso imene ankakonzeka kuthawirako. Sindinade nkhawa, poti ndinali nditafufuta kalekale, ndi m'bini ya m'makinamo momwe.

Ndinapita nayo kwa mayi wina wokonza makompyuta ku Zolozolo kuti angoichotsa fumbi. Nditadzitama kuti ndafufuta zonse, anaseka.

"Amama, mwangofufuta dzina pachitseko. Mwini nyumba akadali m'kati."

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamuuza kuti asandiphunzitse ntchito, makinawa ndakhala nawo zaka. Iye anangolowetsa fulashi yake m'makinamo, n'kudina apa ndi apo, ndipo zinthu zinayamba kutuluka chimodzichimodzi: makalata akale, zithunzi zimene ndinaziiwala, kenako dzina la mkazi uja ndi mawu ake onse, mpaka pamene ndinalakwitsa polemba. Ndinachita mantha, komanso ndinagoma. Kanthu kolowa m'chikwama kameneka kanasunga zonsezo, kali phee.

"Iphwanyeni," ndinatero.

"Yayi. Nanga ku ofesi mukabweza chiyani?"

Anati ali ndi pulogalamu yolemba manambala a ziro pamalo onse amene makina amawayesa opanda kanthu, osakhudza zimene zimayendetsa makinawo. Anati zili ngati kuzira nyumba katundu ali m'malo mwake.

Tinadikira masana onse, mvula ikuwaza pamalata, kamzere kobiriwira ka pakompyutapo kakukwawa pang'onopang'ono. Katafika kumapeto, anafufuzanso monga poyamba paja. Sipanatuluke kanthu. Anazimitsa n'kuyatsanso, makina n'kudzuka ngati sanakhudzidwe. Ndinapepesa mayiyo, chinthu chimene sindichita kawirikawiri.

Lolemba ndinakapereka. Bamboyo anaiyatsa ine ndili pomwepo, n'kundithokoza kuti, "Yewo chomene, mwaisamala."

Patatha milungu iwiri mkazi wake anachoka ndi ana. Bamboyo anafunsa aliyense, ndipo nane anandiimbira. Pafoniyo ndinkamva zala zake zikugogoda pamakina omwe aja, akutsegula foda iyi ndi iyo, uku akundifunsa ngati ndikudziwa kumene wapita. Ndinati sindikudziwa. Anagogodabe kanthawi, kenako anadula foni.