Lamulo langa linagwira galu wa apongozi

Inu owerenga, ine ndinapanga lamulo ndi pakamwa pangapa, ndipo woyamba kukodwa nalo anali galu wa apongozi anga. Sekani ndithu, inenso masiku ano ndimaseka, koma mumve mmene zinayendera kuti zisadzakuonekereni.

Ndimagulitsa salaula, zovala za m'mabelo, pamsika wina ku Kanyama. Ntchito yathuyi ili ndi nzeru imodzi. Munthu akafunsa mtengo wa jekete umayambira kumwamba. Iye amadandaula, iwe umagwira pachifuwa ngati wakutukwana, kenako mumakumana pakati nonse mukumwetulira. Ndazolowera kwambiri moti mkazi wanga akafunsa nthawi imene ndibwerere kunyumba, ndimatchula yakutali kuti titsitsane.

Chaka chatha agalu oyendayenda anachuluka m'dera lathu. Ankamwaza zinyalala, ankathamangitsa nkhuku, mpaka wina analuma mwana wa sukulu pamwendo. Mwanayo anachira, koma mantha a chiwewe analowa nyumba iliyonse. Komiti ya dera inaitana msonkhano Loweruka masana pabwalo la tchalitchi.

Kunali phokoso. Oweta nkhuku ankafuna kutchera misampha ya waya m'tinjira. Amayi anakana, nati ana amasewera opanda nsapato m'tinjira momwemo. Wina atatchula poizoni anamukhazika pansi asanamalize. Eni agalu nawo anati popanda galu akuba azilowa ngati kwawo. Pamapeto pake ba Mulenga, tcheyamani wathu, anati a khonsolo angatibwereke khola la waya, lija limadzitsekera lokha galu akalowa kutsata nyama, osamuvulaza. Onse anavomera. Funso linatsala limodzi: galu akagwidwa, titani naye?

Mumtima mwanga ndinkafuna kanthu kakang'ono, kuti mwini wake amutenge, akamubayitse katemera, azimumanga. Koma chizolowezi ndi matenda. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndinayambira kumwamba.

"Galu iliyonse yamene izangena mu khola, olo ili na mwine wake, iyende ku khonsolo. Palibe vobweza."

Ndinaima ndikudikira kuti wina anene kuti tsitsaniko bwana. Koma dzuwa linali litawaphika anthu, ndipo ambiri anali atasiya malonda awo opanda owayang'anira. Anawomba m'manja. Ba Mulenga anati ba salaula akamba zoona, napempha kuti tikweze manja. Inu owerenga, ndikanatani? Nanenso ndinakweza.

Apongozi anga, ba Daka, bambo a mkazi wanga, amakhala kanjira kotsatira. Akazi awo anamwalira, ndipo maso a mkuluyu akuona mwachimbuuzi. Ali ndi galu wokalamba dzina lake Tiyende, wa mano ochepa ndi mchira woyera. Nthawi imeneyo anali asanalawepo chingwe. Lamlungu amatsogola, mkuluyo n'kumatsata mchira woyerawo kudutsa matope ndi ngalande mpaka pakhomo la tchalitchi. Khola litatcheredwa, agalu ochenjera aja ankangolizungulira. Amene analowa kutsata mapazi a nkhuku anali Tiyende.

Mkazi wanga sanandikalipire. Anangonena kuti atate akundifuna. Ndinapita, ndinanjuta chapatali monga amachitira mkamwini, maso pansi. Mkuluyo anayankhula mofatsa.

"Tamvela kuti lamulo ni yanu, apongozi. Mwachita bwino, muli na nzelu. Manje pa Sondo nizayenda na ndani?"

Munthu wina aliyense ndikanamuzunguza ndi mawu mpaka atandipepesa yekha. Koma ndi apongozi sutsutsana. Ndinangoti ndamva.

Galimoto ya khonsolo inali kuyembekezeka mkati mwa sabata yomweyo. Ndinathamangira kwa ba Mulenga. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Imwe ba salaula, si ndimwe mumakamba ati katundu ukagula siubwezedwa?"

Anati lamulo la msonkhano limasinthidwa ndi msonkhano basi. Choncho ndinasiyira mnzanga benchi yanga, ndikuyenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti akumanenso. Pakati pake ndinkakapatsa Tiyende madzi ndi makombo kukhola kuja. Ankagwedeza mchira, osadziwa kuti womudyetsayo ndiye anamugulitsa.

Pa msonkhano wachiwiri ndinaimirira kutsutsa munthu wopanda chifundo amene anabweretsa lamulo lija, ndipo aliyense ankadziwa kuti munthuyo ndine. Amake Bupe, mayi woweta nkhuku amene ndinawalimbitsirapo mtengo wa madiresi kangapo, anapinda manja.

"Lelo katundu ili na ise. Kambani bwino, kasitoma."

Ndinapempha, ndinadandaula, ndinagwira pachifuwa. Iwo anayang'ana kumbali monga ndimachitira ine. Eni agalu anayamba kundithandiza, amayi ena anakumbutsa za mwana wolumidwa uja, ndipo ananena zoona. Tinakumana apa: galu wokhala ndi mwini abwezedwe kamodzi kokha, abayidwe katemera, avale kolala, ndipo akamatuluka akhale pa chingwe. Amake Bupe anawonjezera kuti amene anatisokoneza aziyendetsa kholalo pa wilibala Loweruka lililonse ndi kulitsuka. Ndinayesa kutsitsa kuti ikhale kamodzi pamwezi. Anati ndi mtengo womaliza.

Tiyende ndinapita naye ndekha kukabayitsa katemera. Tsopano amatsogolera apongozi pa chingwe chimene ndinapota ndi malamba a m'belo, ndipo mkuluyo akuti akuyenda bwino kuposa kale. Agalu oyendayenda achepa, ana akusewera m'tinjira. Ine ndimakankha khola langa Loweruka, anthu akundipatsa moni kuti ba Khola, ndipo ena mwa iwo amabwera kudzagula majekete. Sindidandaula.

Koma inu owerenga, makamaka anzanga a pamsika, msonkhano si benchi ya salaula. Kumeneko anthu otopa amagula pa mtengo woyamba. Mukaimirira, nenani chimene mukufunadi, ngakhale chioneke chaching'ono. Ndipo musanapemphe lamulo lolimba loti ligwire agalu a anthu ena, yambani mwayenda kwa achibale anu mukaone ngati agalu awo ali pa chingwe.