Eneya ndi Bafa la Apongozi Ake

Eneya amakonza njinga ku Chiwalo, koma mukamufunsa amati ndi woimba. Ndakhala ndikumuona kuyambira pomwe anabwera kudzakwatira Belita, mwana wa achemwali anga. Gitala alibe. Ali ndi foni yosweka galasi ndi tsamba lina la pa intaneti lomwe limamuimbira ng'oma ndi kiyibodi, iye n'kumaikapo mawu ake.

Vuto ndi loti tsambalo silitseguka popanda netiweki, ndipo pamudzi pathu netiweki imapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha. M'munsi mwa chulucho muli bafa la apongozi ake, la mpanda wa udzu, lopanda denga. Mkamwini yemwe amapatuka m'njira akaona apongozi anayamba kukwera pamenepo m'mawa uliwonse, n'kumakuwa za chikondi.

Achemwali anatopa ndi kusamba atavala. Anaitanitsa ankhoswe, ine ndinakhalapo ngati mwini mbumba.

"Sindiona kanthu ine, ndimaimba nditatsinzina," anatero Eneya.

"Auzeni akamwiniwo," achemwali anatero akuyang'ana kumbali, "asankhe chimodzi, chulu kapena mwana wanga."

Eneya anaganiza nthawi yaitali kuposa mmene Belita akanafunira. Kenaka anagulitsa mbuzi yake n'kukhoma denga la malata pabafapo. Nyumba zathu zonse ndi zaudzu, bafa lokha ndi lomwe limang'anima.

Nyimboyo sanaimalizebe. Achemwali tsopano amasamba kawiri pa tsiku, ndipo amauza aliyense kuti mnyamatayo mawu alibe.