Msilikali amene anaphunzitsa Edna kuyendetsa galimoto

Edna Kalilangwe anafika ku Dublin mu 2016 ndi sutikesi imodzi komanso mantha a anthu a yunifolomu. Ali mwana ku Mchinji anaona bambo ake akumenyedwa pamsika ndi anyamata ovala jombo, ndiye ankati akangoona msilikali, ankapatuka njira.

Atapeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, anamutumiza kudera la Blanchardstown kwa a Gerard, mkulu amene sitiroko inamufoola mwendo ndi dzanja. Pakhoma panali chithunzi cha anyamata odzipaka zakuda kumaso, mfuti zili m'manja. Edna anaima pakhomo, jekete osavula.

"Wachitatu kuchokera kumanzereyo ndine," anatero a Gerard. "Lero ndikulephera ndi kumanga batani lomwe. Lowani, mayi."

Nkhani yawo inkatuluka pang'onopang'ono, nthawi yometa ndevu. Ankati m'zaka za m'ma 70 zigawenga zinkalanda ndege ndi kuba anthu, ndipo asilikali wamba analibe luso lowapulumutsa. Akuluakulu anasankha anyamata ochepa kuti ayambitse gulu lapadera. Anawayendetsa m'mapiri mvula ili pamsana, chikwama cholemera kumbuyo, chakudya cha apo ndi apo. Ambiri anagonja sabata yoyamba.

"Ndiye inu munali amphamvu kuposa onse?" anafunsa Edna.

"Ayi ndithu. Amphamvuwo ndi amene ankayamba kulira. Ine ndinkangodziwa kupuma mpweya bwino."

Masiku amenewo Edna anali atalephera katatu mayeso a galimoto. Popanda laisensi ankathera maola m'mabasi, ndipo mwana wake Joy ankatsala yekha pageti la sukulu. Tsiku lina anadandaula kuti woyesa akangokhala pambali pake, amaiwala zonse.

A Gerard analoza kiyi wa galimoto yawo yomwe inkangokhala pabwalo. Mwana wawo wamkazi anakonza za inshuwalansi, ndipo Loweruka lililonse Edna ankawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo, iye n'kugwira chiwongolero.

"Kokani mpweya, werengani mpaka folo. Tulutsani. Tsopano yang'anani pagalasi. Chinthu chimodzi chimodzi, mayi."

Pa raundabauti ina galimoto inazima, am'mbuyo n'kuyamba kuliza mahutala. Edna analira.

"Palibe akuwombera pano," anatero mkuluyo. "Lizaninso injini."

Edna anaseka misozi ili m'masaya, n'kuliza. Ulendo wachinayi anakhoza mayeso aja, ndipo anathamangira kwa a Gerard asanauze wina aliyense. Iwo anayang'ana pepala la zotsatiralo nthawi yaitali, kenako anapempha tiyi wa shuga wambiri, amene adokotala anawaletsa.

A Gerard anamwalira patapita zaka ziwiri. Kumaliro kunabwera azibambo asanu a imvi, ena oyendera ndodo, anzawo a gulu loyamba lija. Mmodzi anamufunafuna Edna kumbuyo kwa tchalitchi.

"Ndinu mayi Edna? Mnzathuyu anasiya kutiyankha foni atadwala. Anayambiranso inu mutabwera. Bwerani mukhale kutsogolo ndi ife."

Edna anafuna kunena kuti woyenera kuthokoza ndi iyeyo. M'malo mwake anangowagwira mkono bambowo n'kuyenda nawo.

Lero amayendera nyumba sikisi patsiku, ndipo folo koloko isanakwane amakhala ataima pasukulu. Joy akalowa m'galimoto amayamba ndi kufunsa ngati amubweretsera mandasi a kumsika wa ku Moore Street.