Bondo la Bambo

Chimene ndimayamba kukumbuka ndi bandeji. Inali yaitali, ya mtundu wa tiyi wamkaka, ndipo mayi akaichapa ankaiyanika pa mpanda wa udzu kuseri kwa nyumba yathu ku Mitundu. Kuikulunga inali ntchito yanga. Ngakhale ichapidwe ndi sopo, inkanunkhabe mankhwala opaka, fungo lolasa m'mphuno limene mpaka lero ndikalimva ndimacheuka.

Bambo anabwera nayo patapita chaka chitachitika chisankho choyamba cha zipani zambiri, anthu atangoyamba kugulitsa fodya. Kufikira nthawi imeneyo ndinkawadziwira pa wailesi kuposa pamaso. Ankasewera mpira ku Blantyre, pakati pa bwalo, m'timu ya kampani ina. Loweruka masana wolengeza akatchula dzina lawo, atsikana anzanga ankayang'ana ine ngati kuti mpirawo ndamenya ndine. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi pokha. Kenako kampaniyo inagulitsidwa, eni atsopano sanafune zampira, bondo nalo linali litayamba kale kutupa. Anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi.

Malume, mlongo wawo wa mayi, sanawalandire ndi manja awiri. "Mkamwini wa pa wailesi wafika," ankatero akamadutsa pakhomo. Ndinkawada nazo. Lero ndimaona kuti anali ndi chifukwa: zaka zonsezo munda wathu ankalima ndi iwo.

Kwa akuluakulu bambo sankakamba zampira. Ankakamba kwa ine, tikamasenda mtedza pakhonde. Ankandandalika makoko pamphasa, n'kuloza la pakati: "Uyu ndine." Anandiuza mmene anayambira opanda nsapato m'timu ya pa esiteti ya fodya, mmene munthu wina wa ku Blantyre anawaonera n'kuwatumizira uthenga, ndi za ulendo wa pa basi wopita ku Zambia, komwe anasewera mvula ili pamutu mpaka mpira unkaima m'matope. Ine ndinkangofunsa za zigoli. Anali nazo zochepa, ndipo zinkandichititsa manyazi pang'ono.

"Ine ntchito yanga inali kuona mnzanga amene watsala yekha," ankatero.

Mphepo yozizira ya mwezi wa Julaye itayamba, anyamata a timu ya kwathu anabwera kudzapempha bambo kuti asewere nawo tsiku limodzi lokha, chifukwa kunkabwera timu ya ku Nathenje imene inkatigonjetsa chaka ndi chaka. Mayi anakana. Kuchipatala anali atanena kale kuti bondolo likavulalanso, ngakhale kuyenda kudzavuta. "Kasewerenitu," anatero mayi bambo ataumirira, "koma ine simundionako."

A ku Nathenje anafika pa lole akuimba. Bwalo la pasukulu linali louma gwa, makoko a nzimbe ali mbwee m'mbali, fumbi likulowa m'mano. Ndinadikira kuti bambo athamange ngati mmene wailesi inkanenera. Sanathamange. Ankangoyenda pakati, n'kumacheuka uku ndi uku, mpira ukafika ankaugwira kamodzi n'kuupereka. Anthu anayamba kung'ung'udza. Kenako anaumenya wapansi, unadutsa pakati pa anthu atatu, n'kukapeza mnyamata wina amene tonsefe sitinamuone. Chigoli! Anthu anathamangira mnyamatayo. Bambo anabwerera pamalo pawo akukoka sokosi, akumwetulira okha. Nkhope imeneyo sindinaionenso.

Chigawo chachiwiri chisanapite patali, anakhala pansi popanda wowagunda. Anayesa kudzuka, zinakanika. Amene analowa m'bwalo ndi njinga kudzawatenga anali malume, ndipo sanalankhule chilichonse chonyoza. Anangowakweza pakaliyala n'kumakankha pang'onopang'ono.

Mayi tinawapeza ataima pansi pa mtengo wa bulugamu kumapeto kwa bwalo, chitenje atafunda kumutu chifukwa cha mphepo. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anayang'ana bondolo, kenako anayang'ana bambo kumaso kwa nthawi yaitali.

"Mwamaliza?" anafunsa motsitsa.

"Ndamaliza," bambo anayankha.

Ine ndinawakoka mayi chitenje kuti ndiwakonze. Mpira unali usanathe, woimbira mpira anali asanaimbe wezulo, a ku Nathenje anali atangobweza chigoli ndipo nthawi inalipobe. Ndinawauza zonsezi mokweza, ndikudabwa kuti anthu akuluakulu atatu angalephere bwanji kuona chinthu choonekeratu chotero. Malume anayambanso kukankha njinga, mayi akutsatira pambuyo.