Mpando Wakutsogolo wa Apongozi

Kukampani ya mabasi kumene ankagwira ntchito ankamutchula kuti Wamakompyuta, ngakhale kuti ambiri ankangomukumbukira pulinta ikatafuna pepala. Zimenezo analibe nazo ntchito. Chinkamudya mumtima n'chakuti apongozi ake aakazi, mphunzitsi wopuma, sankakhulupirira kuti iye ali pantchito. Munthu akawafunsa zimene mkamwini amachita, ankangoti, "Kaya, akuti amamulipira," n'kusintha nkhani.

Tsono bwana atadandaula kuti pulogalamu yogulitsira matikiti ikuchedwa, moti anthu pamzere afika potukwana, Wamakompyuta anati nthawi yoonetsa mbiri ndi ino. Anayamba maphunziro a pa Intaneti. Anaphunzira za mathiredi: m'malo mothandiza munthu mmodzi ena akudikira, pulogalamu imatulutsa antchito ambiri osaoneka, aliyense n'kugwira kasitomala wake nthawi yomweyo. Anaphunziranso za madeligeti, njira yosonyezera wantchito aliyense kokapereka uthenga akamaliza. Zinamukomera zedi, munthu amene chibadwire sanalamulepo ngakhale mlonda.

Phunziro lotsatira linali la loko, woletsa antchito awiri kugwira chinthu chimodzi pa kamodzi. Koma mphunzitsi wa muvidiyoyo ankalankhula ngati akulengeza maliro, ndipo mkulu wathuyu anangodumpha. Pajatu anali atayesa kale pa laputopu yake, ali yekha, kugula tikiti imodzi kenako ina, ndipo zonse zinayenda myaa.

Pulogalamu yatsopano inayamba sabata ya tchuthi, apongozi akupita ku ukwati wa mdzukulu wawo. M'mawa umene matikiti anatsegulidwa, dziko lonse likulimbirana, iye anawakhazika pasofa n'kuwatembenuzira laputopu.

"Amayi, taonani. Mpando wakutsogolo, wapawindo. Pulogalamuyi ndalemba ndi manja angawa."

"Tiona," anatero apongozi, akukonza magalasi.

Anaonadi. Atakwera basi anapeza pampando pawo patakhala bambo wina wojintcha, atafungata batire la galimoto. Pambali pake panaima nesi, maso ali psuu. Onse atatu anatulutsa matikiti, nambala yake imodzimodzi. Antchito osaoneka aja anali atasuzumira mpandowo nthawi imodzi, aliyense n'kuupeza wopanda munthu, aliyense n'kugulitsa, ndipo madeligeti anatumiza kwa onse uthenga waulemu wowafunira ulendo wabwino. Kumbuyo nakonso kunali kutavuta. Kondakitala anaweruza mwanzeru zake kuti wafika msanga ndiye mwini. Apongozi, ndi diresi lawo la ukwati, anawakhazika pachigubu pakati pa mipando.

Wamakompyuta atamva, anatsegula laputopu yake msangamsanga. Anabwerera ku vidiyo ya maliro ija, ndipo anapeza kuti mankhwala ake anali kamzere kamodzi kokha. Anathamangira kwa bwana kukapepesa.

"Kupepesa chiyani?" anafunsa bwana, akumwetulira mpaka m'makutu. "Mabasi adzaza mpaka pakhomo, achimwene! Musakhudze chilichonse mpaka tchuthi chithe. Kuyambira mawa ndinu Mkulu wa Zamakono."

Anamupatsa mpando wozungulira ndi dzina laudindo pachitseko. Anakhalapo, koma chimwemwe panalibe. Masana foni yake inayamba kulira, manambala achilendo okhaokha. Woyamba anatukwana n'kudula. Wachiwiri ankafuna kudziwa kumene amakhala. Wachitatu anali mayi wa mawu ofatsa, amene anati miyendo yatupa chifukwa anaima ulendo wonse.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero Wamakompyuta. "Koma nambala yangayi mwaitenga kuti?"

"Anatipatsa agogo ena amene anakhala pachigubu. Anaimirira basi ikuyenda, n'kuitchula mokweza kuti aliyense alembe. Anati, 'Musavutike ndi kondakitala, ana anga. Zonsezi ndi ntchito ya manja a mkamwini wanga. Amagwira ntchito molimbika kwambiri.'"