A Jaji ndi Mabuku a Adani Okondana

Dzina loti a Jaji anawapatsa ndi makasitomala awo. Kukhoti sanapondeko, ngakhale kukaonerera mlandu. Ntchito yawo inali yoluka ndi kuwotcha tsitsi m'kasaluni kopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi galaja. Koma pamwamba pa galasi lalikulu panali shelefu ya mabuku opindika m'makona, onunkha mafuta a tsitsi, ndipo buku lililonse likabwerera pashelefupo linkabwerera litaweruzidwa.

Mabuku onsewo anali a mtundu umodzi: maiko a matsenga, zinjoka zolavula moto, mwana wamkazi wa mfumu ndi msilikali wa adani amene amayamba ndi kulozana malupanga n'kumaliza akupsompsonana. Ine ndinawayamba chifukwa chotopa ndi kukhala. Kulukitsa kumadya tsiku lathunthu, ndiye a Jaji ankangokuponyera buku pamiyendo. Posakhalitsa tinapezeka kuti Loweruka lililonse tili kagulu, ena m'chowumitsira tsitsi, ena mitu italukidwa theka, tikukangana za anthu oti kulibe.

Ambiri tinkakonda chidanicho. A Nesi, mayi wathupi woseka mokweza amene ankabwera atatuluka kuchipatala, ankati chikondi chopanda ndewu ndi ndiwo zopanda mchere. Ena akamati mnyamata wa m'buku ndi wankhanza, iwo m'pamene ankanyambita milomo.

A Jaji ankayankha chipeso chili kukamwa. "Chidani chake n'chotani? Ngati akulimbirana mpando wa ufumu, chabwino, mpandowo ukapeza mwini ndewu yatha. Koma uyu wamutsekera mtsikana m'ndende, wamuseka pamaso pa asilikali, wamufinya mkono mpaka kutupa. Kenako wolemba akutiuza kuti anakula wopanda mayi. Ndiye tilire? Amasiye onse amafinya anzawo mikono?"

Tinkaseka, koma iwo sankaseka nafe. Chifukwa chake ndinachimva patapita nthawi. Ali mtsikana ankasoka zovala pafakitale, ndipo kapitawo wawo ankawanyoza tsiku ndi tsiku, kuwang'ambira msoko pamaso pa anzawo. Anzawowo ankati mwamuna akamakuvutitsa choncho ndiye kuti wafa nawe. A Jaji anakwatiwa ndi kapitawoyo. Kunyozako sikunathe, kunangolowa m'nyumba n'kudzitsekera chitseko. A Jaji anachokako ndi mwana kumsana komanso khutu limodzi logontha, n'chifukwa chake tonse tinkawalankhulira kumanja.

Mwanayo anakulira m'salunimo. Tinkamutchula Tsabola chifukwa cha pakamwa pake. Anali wamsinkhu wokwatiwa pamene galaja ija inagulidwa ndi makaniko wina wachinyamata, wamapewa otambalala, amene anayamba kuimika magalimoto akufa pakhomo penipeni pa saluni. Oilo wakuda ankayenderera mpaka pakhonde. Tsabola ankatuluka manja ali m'chiuno, makaniko n'kumuyankha kuti abwerere akatsuke nsabwe. Tsiku lina Tsabola anamukhuthulira madzi a sopo m'bokosi la masipanala.

"Bukutu likulembedwa pakhomo pathu pomwe," anatero a Nesi. Tinaseka mpaka misozi. A Jaji anangokoka tsitsi langa mwamphamvu kuposa masiku onse.

Zinayendadi ngati m'buku. Magalimoto anasunthidwa, makaniko anayamba kubweretsa zakumwa zozizira, Tsabola akachedwa panja ankabwera akumwetulira yekha. Ife tinkagwedezana zigongono.

Loweruka lina Tsabola akunditsuka m'mutu, mkono wa bulauzi yake unakwera. Pamwamba pa dzanja panali mabala akuda ondandalikana. Amayi ake anawaona pagalasi.

"Chakugwira n'chiyani pamenepo?"

"Palibe, amayi. Chitseko."

"Chitseko chokhala ndi zala?"

Chowumitsira tsitsi chinazimitsidwa ndi wina. Madzi ankandilowa m'khutu koma sindinagwedezeke.

"Tinangokangana basi," anatero Tsabola. "Anapepesa. Analira, amayi. Inu simumudziwa mmene anakulira."

"Asisi, achinyamata amakokana," anayamba a Nesi.

"A Nesi, pepani, lero ayi."

Tsabola anaponya thaulo pansi. "Inu mumaona bambo anga mwa mwamuna aliyense. Ngakhale wa m'buku simumusiya. Munthu amasintha! Si inu nomwe munandipatsa mabukuwo?"

Sabata yomweyo Tsabola ananyamula zovala zake n'kukakhala ndi makaniko m'chipinda cha kuseri kwa galaja.

Pakati pa chipindacho ndi saluni panali khoma limodzi lokha. Miyezi imeneyo a Jaji anaonda. Ankaluka atapendeketsa mutu kukhomako, khutu lamoyo lili tcheru, ndipo kukagwa chitsulo kugalaja zala zawo zinkaima. Kagulu kathu kanagawanika. Ena ankati mayi wachita nsanje ndi chimwemwe cha mwana, ena anasiya kubwera. Otsalafe tikabweza buku, iwo ankangolilandira n'kuliika pashelefu osanena kanthu. Kukhala chete kumeneko kunkatiopsa kuposa kukalipa kwawo. Tsabola ankadutsa pakhomo atavala zamikono yaitali ngakhale dzuwa likuswa mtengo, kupereka moni osalowa.

Tsabola analowa Loweruka lina m'mawa, mlomo uli wotupa, phazi limodzi lopanda nsapato. Anadutsa pakati pathu n'kukakhala kuseri kwa katani komwe ankasungira mathaulo. A Jaji anali ndi chitsulo chowotchera tsitsi m'manja, chofuka utsi. Sanachiike pansi.

Tisanapume n'komwe, makaniko anaima pakhonde, ovolosi ili yomasula mabatani, sipanala yaikulu ili m'manja.

"Mayi, ndabwera kudzatenga mkazi wanga."

"Muno mulibe mkazi wako. Muli mwana wanga."

"Nkhani za m'nyumba ndi za m'nyumba. Muuzeni atuluke tikakambirane."

"Ndi sipanala?"

Makaniko anayang'ana dzanja lake ngati sakudziwa kuti chitsulocho chafikamo bwanji, koma sanachisiye. Anaponya phazi pachiundo cha chitseko. Amene anadzuka ndi a Nesi, mutu uli ndi marola opotera tsitsi mbali imodzi, thaulo lili pakhosi. Anaima pakhomo n'kulidzaza lonse.

"Achimwene, milomo ngati imene ija ndimaisoka kuntchito," anatero motsitsa mawu. "Ndimadziwanso kumene lipoti lake limapita. Bwererani."

Makaniko anasintha mawu. Anayamba kuitana Tsabola modandaula, kuti anangopsa mtima, kuti popanda iye afa, kuti Tsabola yekha ndiye amamumvetsa. Kunena zoona, mawu ake anali okoma. Ndinaona katani ikugwedezeka ndipo ndinadziwa kuti akatuluka n'kumutsatira palibe wa ife akanamugwira. A Jaji nawo anadziwa. Sanacheuke, sanamuletse, anangoima chitsulo chikuzirala m'manja.

Tsabola anatuluka n'kuima kumbuyo kwa a Nesi.

"Ndamva," anatero movutikira chifukwa cha mlomowo. "Sindibwera. Zovala zanga uwapatse a kusitolo ya mankhwala."

Mwini sitoloyo anali ataima kale panja, foni ili kukhutu. Makaniko anatiyang'ana mmodzimmodzi, anamenya ndowa ya pakhonde ndi phazi, n'kubwerera kugalaja. Apo m'pamene a Jaji anakhala pansi. Chala chawo chinali chitapsa, iwo osamva.

A Nesi anamutengera Tsabola kuchipatala tsiku lomwelo, marola ali m'mutu. Nkhani inafika kupolisi, makaniko anachenjezedwa kuti asayandikire saluni. Tsabola anapita kukakhala kwa azakhali ake kutali, kumene anaphunzira kuyendetsa galimoto zonyamula katundu. Amabwera mwa apo ndi apo, pakamwa pake pakadali pomwepo.

Kagulu katakumananso, mayi wina wopemphera kwambiri anati mabuku onsewo atenthedwe, ndiwo anamusokoneza mwana mutu. Ambiri anavomereza. A Jaji anapukusa mutu.

"Ine mwamuna wanga anandigonthetsa khutu ndisanawerengepo buku ngakhale limodzi," anatero. "Musawanamizire mapepala. Werengani, koma muziwerenga maso ali otsegula."

Makaniko anakhalabe pagalajapo mpaka chaka chinatha. M'mawa uliwonse a Jaji ankadutsa pamaso pake ndi makiyi m'manja, msana uli chilili, kutsegula saluni ndi kusesa khonde. Sanamupatsepo moni, sanamutukwanepo. Kenako tinangoona galaja yatsekedwa. Pano pali mkulu wina wowotcherera mageti, waphokoso koopsa, amene amabwera kudzapepesa yekha akaona kuti makasitomala achuluka.