Ndinakalipira Apongozi Nditagwada

Ndiyambe ndi kuulula bodza. Loweruka lija ndinauza apongozi anga aakazi kuti ndikupita ndi mwana ku sikelo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mwanayo, kenaka anati, "Sikelo ya Loweruka masana?" Ndinati ndi yapadera. Ndinatenga ndi khadi lomwe la mwana kuti bodzalo lioneke ngati zoona.

Kumene ndinkapita kunali ku holo ya tchalitchi china konkuno ku Chiwaridzo, dera lathu la mu Bindura, kumene ankasankha anthu oti achite sewero loseketsa la nyimbo. Uthenga wake ndinauona pa gulu la amayi la pa foni. Ankafuna anthu odziwa kuyimba komanso kuyankhula Chichewa chosagwedera. Kuno ku Bindura anzanga ambiri Chichewa amangochimva, ukawafunsa amakuyankha m'Chishona. Koma kwathu bambo anga ankakhala ngati ogontha ukawayankhula chinenero china, ndiye ife ana tinachiphunzira mokakamizika.

Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ya ntchito za mu ofesi. Ili mu sutikesi pansi pa bedi. Zaka ziwiri ndinali nditakhala pakhomo pa makolo a mwamuna wanga, ntchito yanga kuchapa matewera ndi kuda nkhawa. Nkhawa ndiye ndimaidziwa bwino. Mwana akangoyetsemula kamodzi, ine ndimakhala nditawerenga kale matenda asanu pa foni. Kuyimba ndinkangoyimbira m'bafa, chapansipansi. Malo m'sewero limenelo ndinkawafuna moti usiku wa Lachisanu chakudya sichinalowe.

Chimene ndinkaopa chinali chimodzi: apongozi aamuna. Ndi bambo amene anagwira ntchito ku mgodi mpaka kupuma, mkulu wa mpingo, wosaseka wamba. Pakhomo paja mwambo ndi wakale. Ine mtengwa sindiwayang'ana kumaso. Ndikawabweretsera madzi ndimagwada patali, n'kuyang'ana kumbali. Iwonso sandiyankhula mwachindunji. Akafuna tiyi amauza akazi awo kuti, "Muwauze amake mwana kuti tiyi," ine ndili pomwepo, ndikumva. Bambo oterewa akanamva kuti mpongozi wawo akukadumpha pamaso pa anthu, ndinkadziwa kuti sewero lathera pomwepo, ndipo ulemu wanga pakhomo wathera limodzi nalo.

Mu holo munali anthu ngati makumi awiri, atakhala pa mabenchi. Wotsogolera anali mayi wina wa ku dera la Aerodrome, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene analemba yekha sewerolo. Ankayankhula zinenero zitatu m'chiganizo chimodzi, ndipo anali ndi wenzulo pakhosi ngati wa mpira. Anandipatsa pepala n'kundifotokozera. Ndikhale mkazi wa munthu wa mu mgodi wa kalekale. Mwamuna wanga wapatsidwa majombo awiri onse a mwendo wa kumanzere, ndipo akamapita ku ntchito amangozungulira. Ine ndipite kwa kapitawo, ndimukalipire m'nyimbo, ndimuloze chala pamphuno, pomaliza ndimuvule chisoti.

"Ndikufuna moto, mwanangu," anatero. "Atsikana atatu ayesa kale, onse akukalipa ngati akupempha mchere."

Ndinakhala pa benchi n'kuloweza mawuwo, mwana ali kumbuyo mu nsalu ya zambiya, akugona. Ndinaganiza zothawa kawiri. Kachiwiriko ndinafika mpaka pakhomo, wenzulo n'kulira.

"Amai vemwana! Amake mwana inu! Ndi nthawi yanu. Kapitawo, bwererani!"

Kuseri kwa nsalu kunatuluka munthu wamtali, atavala ovolosi yokhala ndi pilo pamimba, chisoti cha mu mgodi, ndi ndevu za khonje zofika pachifuwa. Ankayenda motukumula mimbayo, akubwebweta Chilapalapa, chinenero chija akuluakulu ankalamulirana nacho pansi pa nthaka. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, mantha n'kuchepako. Ndinaima pakati, ndinakoka mpweya, ndinakweza chala.

Pamenepo mwana anadzuka. Anasuzumira paphewa panga, n'kutambasula manja onse awiri.

"Gogo! Gogo!"

Mwana wanga pa nthawiyo ankadziwa mawu atatu okha, ndipo sankawataya pachabe. Ndinayang'ana nsapato za kapitawo. Zinali nsapato zimene ndinazipolisha ndekha m'mawa womwewo, eni ake atauza akazi awo kuti akupita ku msonkhano wa sosaiti ya maliro.

Sindinaganize chilichonse. Mawondo anaganiza okha. Ndinangozindikira ndili pansi, nditagwada, nkhope nditalozetsa ku zenera, chala chija chikadali m'mwamba. Kapitawo naye anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kuyamba kuwerenga malata a padenga.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa mayi wa wenzulo. "Mwendo wagwira dzanzi?"

Mayi wina wogulitsa matimati, amene amatidziwa tonse, anakuwa ali pa benchi ya kumbuyo: "Maiwe! Ndi muroora wawo ameneyo! Mpongozi wawo weniweni!"

Holo yonse inadzaza ndi phokoso. Ine ndinkafuna simenti ija itseguke ndilowemo ndi mwana yemwe. M'mutu mwanga ndinali nditamanga kale katundu, ndakwera kombi yopita kwathu, ndikufotokozera mayi anga chifukwa chimene andibwezera kwathu. Koma wa kiyibodi, mkulu wina wosamva bwino, sanadziwe zoti zinthu zavuta. Anangoona kuti takonzeka, n'kuyamba nyimbo.

Apa ndiulule china. Ndikanatha kudzuka n'kutuluka. Sindinatuluke chifukwa malo aja ndinkawafunabe, ngakhale pamenepo. Kuimirira pamaso pa apongozi sindikanatha. Kusiya nyimbo ipite yokha sindikanathanso. Ndiye ndinayimba ndili chogwada, ndikuyang'ana zenera, ndikuwomba m'manja mwaulemu monga timachitira popereka moni.

"Kapitawo iwe, mimba ngati mgolo,
mwamuna wanga akungozungulira,
wachoka m'mawa, wafikanso pakhomo,
mgodi sanauone!"

Mawu anatuluka aakulu kuposa a m'bafa. Zaka ziwiri za kunong'ona zinatulukira pamenepo. Ndinauza zenera lija kuti ndi mbava, kuti ndevu zake n'zosesera, kuti mutu wake ndi chitini chopanda kanthu. Ndikamaliza mzere uliwonse, manja ankawomba okha, phu phu phu.

Inafika nthawi yoti kapitawo ayankhe. Ndinamva akukonza kukhosi. Kenaka mawu aja a besi, amene ndimawamva Lamulungu lililonse, anayimba ndime yawo yonse osalakwitsa. Koma sanayimbire ine. Anatembenukira kwa mayi wa wenzulo, ndipo mzere uliwonse ankauyamba ndi mawu amene sanali pa pepala: "Muwauze amake mwana kuti..."

"Muwauze amake mwana kuti majombo ndi omwewo! Muwauze amake mwana kuti mwamuna wawo agule mwendo wina!"

Mayi wa matimati anagwa pa benchi. Wa kiyibodi anasiya kuyimba n'kumafunsa kuti anthu akulira chiyani. Kunatsala chisoti. Ndinayenda ndi mawondo, cham'mbali ngati nkhanu, mpaka ndinafika pafupi. Dzanja silikanafika kumutu kwawo, ndipo ngakhale likanafika, ndani angagwire mutu wa apongozi? Ndinangotambasula manja awiri, ngati ndikulandira mbale. Kenaka ndinamva chisoti chikutera m'manja mwanga. Anachivula okha.

Mayi wa wenzulo ankapukuta misozi ndi pepala la sewero. "Musasinthe," anatero. "Musasinthe kalikonse. Inu muzigwada choncho, inu sekuru, agogo a mwana, muzidzera kwa ine. Ndilembanso zonse, tiyamba kukonzekera Lachiwiri. Malo ndi anu, amai vemwana."

Ndinathokoza, koma mumtima ndinkadziwa kuti malowo si iwo opereka. Opereka anali akuvula ndevu kuseri kwa nsalu.

Pobwerera anatsogola. Ine ndinkabwera m'mbuyo patali, kuti fumbi la nsapato zawo lisandifike. Njira yonse mwana ankakuwa "Gogo," iwo osacheuka. Ndinkayang'ana msana wawo kuti mwina undiuza ngati akwiya, koma msana wa mkulu wa mpingo suuza munthu kanthu.

Apongozi aakazi tinawapeza pakhonde akusadzula masamba. Anafunsa amuna awo kuti msonkhano wa maliro unayenda bwanji.

"Unayenda."

Anandifunsa ine kuti mwana walemera bwanji ku sikelo.

"Akukula," ndinatero.

Anatiyang'ana tonse awiri nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja n'kuchotsa kaulusi ka khonje pa kolala ya amuna awo, anakayang'anitsitsa, n'kukaika m'mbale ya zinyalala.

Lamulungu lonse palibe amene ananena kanthu. Ku tchalitchi ndinkangomva besi ija ndikuona mimba ya pilo, moti ndinaluma mlomo mpaka pemphero lomaliza. Lolemba ndinachapa zovala zimene zinali zochapa kale. Mwamuna wanga anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi mutu. Bodza lachiwiri.

Lachiwiri m'mawa ndinapititsa tiyi monga mwa masiku onse. Ndinagwada patali, ndinayang'ana kumbali. Apongozi aamuna anamwa kamodzi, anaika kapu pansi, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Muwauze amake mwana kuti lero ndi thu koloko. Asachedwe."

Apongozi aakazi anandiyang'ana, nkhope ili gwa ngati ya mu mgonero. "Mwamva? Akuti sikelo ndi thu koloko."

"Ndamva, amayi."

"Muwauzenso," anapitiriza apongozi aamuna, akuyang'ana mu kapu, "kuti pa mawu aja a chitini akuthamanga. Anthu sakumva bwino. Azinena pang'onopang'ono."

Ndinawomba m'manja, phu phu phu, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Mwana tsiku limenelo anatsala ndi agogo ake aakazi, amene anati m'malo mwake tiwasungire mpando wa kutsogolo pa tsiku la sewero.